Mtengo wa Maluwa Oyera ku Oakville

Ine ku Canada sindinapite chifukwa cha sukulu kapena nzeru. Ndinapita chifukwa cha maliro a mwana wa mzungu.

Ndinkagwira ntchito yosamala maluwa kunyumba kwa dokotala wa pachipatala cha mishoni kwathu ku Ntcheu. Dokotalayo tinkangoti a Dotolo, akazi awo tinkati a Dona. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Sala, kamtsikana ka zaka zinayi kamene kanabadwira pamishoni pomwepo. Kankanditsatira paliponse ndi kachitini kake kothirira, ndipo Chichewa chake chinali chabwino kuposa cha makolo ake. Malungo anamugwira Lachiwiri, pofika Lachisanu tinali tikukumba manda kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinali mmodzi mwa okumbawo. Bambo ake, munthu amene anachiritsa ana a anthu ambirimbiri, anangoima chilili manja ali lende.

Patatha chaka anati akubwerera kwawo, ndipo a Dona anafuna kuti ndipite nawo. Anati nyumba yawo ili ndi bwalo lalikulu lofuna munthu, ndipo pakatha zaka ziwiri ndidzabwerako. Mkazi wanga Enelesi anali ndi pakati, ndipo mwana wathu woyamba, Limbani, anali atangoyamba kuyankhula zomveka. Nditamuuza Enelesi, anapitiriza kutongola chimanga kwa kanthawi.

"Ku Joni anthu amapita n'kubwerako tikuwaona," anatero. "Uko mukunenako, ndani anapitako?"

"Palibe. Koma ndi zaka ziwiri basi."

"Ngati ndi ziwiri, pitani. Ndipirira."

Anandiperekeza mpaka pamsewu pa Lizulu, Limbani ali kumsana ngakhale anali woyenda kale. Basi itanyamuka mwanayo anali akusewera ndi ndolo ya amayi ake, sanandiyang'ane n'komwe.

Za ulendo wa pandege sindikumbukira zambiri kupatula kuti nsapato zinandithina njira yonse. Tinafika nyengo imene masamba amafiira n'kuyoyoka. Nyumba inali ku Oakville, tauni ya anthu olemera m'mbali mwa nyanja, kumadzulo kwa Toronto. M'mawa amuna ankathamangira sitima atanyamula zikwama, kenako msewu wonse unkangoti zii. Ine anandipatsa chipinda cha pansi pa nyumba, kumene iwo amati besimenti, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba. Kawindo kake kanali kamodzi, kolingana ndi nthaka, moti munthu wobweretsa makalata ndinkamuona miyendo yokha. Nyengo yozizira itafika kunagwa chipale chofewa ngati ufa, chinatseka ndi kawindo komwe kaja. Miyezi isanu munthu wa m'dimba ndinalibe dimba. Ndinkakokolola chipale pakhomo, kutsuka galimoto, kukolopa m'nyumba. Sabata yathunthu inkatha osatulutsa liwu la Chichewa, mpaka ndinayamba kuyankhula ndi fosholo.

Chipale chitasungunuka, a Dona anandiitanira pakhonde n'kundionetsa chithunzi m'buku. Unali mtengo wosatalika, nthambi zake zoyala m'mbali ngati thandala, wodzaza maluwa oyera masamba asanatuluke. Duwa lililonse linali ndi timasamba tinayi, kunsonga kwake ngati wina watsinapo ndi chikhadabo.

"Dzina lake ndi dogiwudi," anatero m'Chichewa chawo chothyokathyoka chija. "Kunyumba kwa amayi anga unalipo. Ndinamulonjeza Sala kuti tikadzabwera kuno adzauona. Ndikufuna tidzale wake."

Anaubweretsa anthu a kunazale pa lole, mizu itakulungidwa m'chiguduli. Anakumba dzenje lakuya kumaso kwa nyumba, pafupi ndi msewu kuti odutsa aziuona, n'kuukwirira mpaka m'khosi. Ine ndinaona kuti auzika kwambiri, koma ndinali mlendo wosadziwa ngakhale kutchula dzina la mtengowo, choncho ndinakhala chete. Ndinauthirira nyengo yonse yotentha. Dzuwa likakula masamba ankapiringizika, m'mbali mwake n'kupserera. Kutazizira, galimoto za tauni zinkamwaza mchere mumsewu kuti chipale chisungunuke, ndipo matope amcherewo ankathovukira pamtengo pomwepo. Chaka chotsatira mitengo ina yonse inaphuka, wathu unangoima gwa. Ndinakanda khungwa, m'kati munali mouma.

A Dona anakhala masiku anayi osatuluka m'chipinda chawo. A Dotolo anandiuza kuti ndiuzule msanga, pamalopo ndibzale kapinga. Tsiku lachisanu a Dona anatsika atavala chikhoti, nati tipite kunazale tikagule wina.

Nazaleyo inali kunja kwa tauni. Iwo ali mu ofesi, ine ndinaima pamzere wa timitengo ta dogiwudi n'kumadziyankhulira ndekha monga ndinali nditazolowera.

"Iwenso ukufuna ukandifere m'manja?"

"Ukafadi, mukakaudzala ngati mukuika maliro," anayankha mawu kumbuyo kwanga.

Ndinatembenuka. Panalibe munthu wakuda aliyense. Panali mzungu wamfupi wandevu zakuda atagwira wilibala.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anatero. "Kwanu ndi kuti?"

Ndinakhala pathumba la manyowa. Munthuyo anali Mpwitikizi, ine ndinkamutchula kuti a Jowakimu. Anabadwira ku Angonia, kutsidya kwa msewu wathu womwe uja wa m'malire. Bambo ake anali ndi sitolo ndi chigayo kumeneko, ndipo iye analeredwa ndi mayi wina wachingoni. Nkhondo itakula anamuitana ku usilikali, iye n'kuthawa mpaka anafika ku Toronto. Nditatchula Lizulu anaseka mpaka misozi, akuti ali mwana ankabwera kumsika pa thirakitala ya kachewere.

Ndiye amene anandiphunzitsa za mtengowo, ataima pomwepo ndi wilibala yake.

"Uwu ndi mtengo wa m'mphepete mwa nkhalango. Dzuwa la tsiku lonse suufuna, mphepo suufuna, mchere ndiye poizoni. Mizu yake imayenda pamwambamwamba, mukaikwirira kwambiri imabanika. Ndipo musatenge awa akuoneka bwinowa, achokera kumwera kotentha, chisanu cha kuno sachidziwa. Tengani uwu. Mbewu yake ndi ya konkuno."

Umene analoza unali waung'ono, wokhota, wondifika m'chiuno. A Dona atauona anafunsa kuti udzachita maluwa liti. A Jowakimu anati zaka zinayi, mwina zisanu. A Dona anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mtengo. Zaka zanga ziwiri zinathera pomwepo, popanda wina kunena kanthu.

Uwu ndinadzala ndekha, kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa la m'mawa linkafika koma masana pankagwa mthunzi wa chimtengo china chakalekale. Mpanda unkatchinga mphepo ya kumpoto. Dzenje ndinakumba lotakata koma losaya. Dothi ndinasakaniza ndi masamba owola, pamwamba n'kuphimbira ndi masamba a paini, osagunditsa patsinde. Udzu wozungulira ndinkazula ndi manja, chifukwa a Jowakimu anati makina otchetchera kapinga akangokanda khungwa, mbozi zimalowera pachilondapo n'kuudya m'kati. Kukatentha ndinkathirira pang'onopang'ono kuti madzi alowe. Kukayamba kuzizira ndinkakhoma zikhomo zinayi n'kuzunguliza chiguduli, patsinde n'kuika waya kuopa mbewa zimene zimadya makungwa pansi pa chipale. Mtengowo unagwira. Chaka chilichonse unkatalika ngati mkono umodzi, masamba ake n'kufiira bwino asanayoyoke. Maluwa kunalibe.

Chitupa changa chinali cha chaka chimodzichimodzi, ndipo chinalembedwa kuti ndine wantchito wa a Dotolo basi. Chaka chikamatha ankandifunsa patebulo la kukhitchini ngati asainenso. A Dona ankayang'ana m'kapu mwawo, ine n'kuvomera. Zomwe ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Enelesi anafolera nyumba ndi malata, kenako anagula mashini osokera. Makalata ake ankamulembera aphunzitsi a pasukulu yathu, motero ankamveka ngati ochokera ku ofesi ya boma. Mwana wabadwa wamkazi, dzina lake Esinati. Limbani wayamba sukulu. Limbani anakwera mumtengo wa pichesi kuthawa kumetedwa, anakhala momwemo mpaka dzuwa kupendeka. Kumapeto kwa kalata iliyonse kunali funso limodzi, lakuti mubwera liti.

Masiku ena a Loweruka a Jowakimu ankanditenga pa ganyu, mobisa, poti chitupa sichinkalola. Tinkakongoletsa mabwalo a nyumba zazitali zosanjikizana zimene zinkamangidwa ku North York, dera lina la Toronto. Dothi la kumeneko linali zidutswa za njerwa ndi simenti, lopondedwa ndi mathirakitala mpaka pikisi inkadumpha. Mphepo inkadutsa pakati pa nyumbazo ngati mumpita. Mwini ntchito ankafuna madogiwudi okhala kale ndi maluwa kuti ofuna nyumba akopeke. Tonse tinkadziwa kuti mitengoyo siidzaona chaka chachiwiri.

"Dzalani, achimwene," ankatero a Jowakimu. "Chaka chamawa tidzabweranso kudzazula. Nayonso ndi ntchito."

Masana tinkakhala kumbuyo kwa lole n'kumadya buledi ndi nsomba za m'chitini. Iye ankandifunsa mawu amene anayamba kumuthawa. Kodi mbalame ija imalira mvula ikayandikira dzina lake ndi chiyani? Nanga ndiwo zija za masamba a nyemba? Ndikamuuza ankabwereza kawiri katatu ngati mwana wa sukulu. Anzake achipwitikizi ankatiseka, iye analibe nazo ntchito. Tsiku lina anayamba nkhani imene sindinamufunse.

"Bambo anga ankasunga mbalamatodya, thabwa lomenyera anthu, kuseri kwa kauntala. Tsiku lina anamenya nayo mwana wa mayi amene anandilera, m'manja, mpaka anatupa ngati buledi uyu. Nkhani yake inali ya sopo mmodzi. Ine ndinaima pakhomo n'kumaonerera."

Amalume anga enieni anathawa kuchoka kutsidyako chifukwa cha thabwa lomwelo, ndipo zala zawo ziwiri sizinkapindika. Tinamaliza kudya, tinabwerera kokumba. Ubwenzi wathu sunathe, koma tsiku limenelo pobwerera sindinakhale naye kutsogolo. Ndinakwera kumbuyo pamodzi ndi mafosholo.

Kunyumba, dzina la Sala silinkatchulidwa a Dotolo ali pomwepo. Iwo ankalawirira ku chipatala n'kubwerako mochedwa. Anansi sankadziwa n'komwe kuti banjali linakhalapo ndi mwana. M'dziko lonselo munthu wina amene anamuonapo Sala akuyenda ndinali ine ndekha, ndipo patapita nthawi ndinazindikira kuti imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yeniyeni. Masana a Dona ankabwera ndi kapu kudzakhala pamasitepe a kuseri ine ndikupalira. Zaka zoyamba m'kapumo munkakhala tiyi.

"Tandiuzeninso za tsiku lija anadzala switi."

Ndinkawauza. Sala anakwirira switi m'bedi la maluwa n'kumaithirira sabata yonse, kenako anandikalipira kuti ndine ndaidya. A Dona ankaseka. Koma nkhani zenizeni zinali zochepa, ndipo zinatha msanga. Ndiye ndinayamba kupeka. Ndinkatenga za Limbani, zimene ankachita ndisanachoke ndi zimene ndinkawerenga m'makalata, n'kumaziika pa Sala. Ndinawauza kuti tsiku lina iwo atapita ku Blantyre, Sala anakwera mumtengo wa pichesi kuthawa kusambitsidwa. A Dona ankamwetulira, ndipo tsiku loterolo ankadya chakudya chamadzulo. Ine ndinkatsikira ku besimenti ndili ndi manyazi, ngati munthu wogulitsa zovala za mwana wake.

Mtengo utatha zaka zinayi m'nthaka, nyengo yotentha ikutha, ndinaona tinthu totuwa kunsonga za nthambi, tokhala ngati timitu ta adyo. Lamulungu ndinaitana a Jowakimu. Anawerama, anayang'anitsitsa, nagwedeza mutu.

"Maluwa ndi amenewa. Amagona m'menemu miyezi yonse yozizira. Chisanu chikapanda kuwapha, mu Meyi mudzaona."

Kuchokera tsiku limenelo a Dona anayamba kudzuka m'mawa, kupesa tsitsi, kutuluka kukayang'ana nthambi. Chaka chimenecho chiguduli ndinazunguliza kawiri.

Kalata inafika mu Febuluwale. Iyi sanalembe aphunzitsi. Enelesi analemba yekha ndi pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendekera mbali imodzi. Anati Limbani akudwala kuyambira pa Khirisimasi. Miyendo ndi nkhope zatupa, akayenda pang'ono akumapuma movutika. Kuchipatala agonako kawiri. Akumafunsa za ine. Mawu omaliza sanali funso ngati kale. Analemba kuti bwerani.

Ndinawawerengera a Dotolo. Anandifunsa mafunso angapo amene sindinathe kuyankha. Anati mwina ndi mtima, mwina impso. Analembera kalata dokotala amene anawalowa m'malo ku mishoni, natumiza ndi mankhwala.

"Ukafuna kupita, tikiti ndigula," anatero. "Koma udziwe kuti malamulo anakhwima. Ukatuluka, sindikhulupirira kuti adzakulolanso kulowa."

M'mawa mwake a Dona anandipeza ndikukokolola chipale pakhomo. Anali atavala chikhoti pamwamba pa zogonera.

"Ana amadwala n'kuchira," anatero. "Mankhwala a bwana ndi amphamvu. Kwatsala miyezi itatu yokha. Ine sindidziwa nthawi yomasula chiguduli, sindidziwa chilichonse. Dikirani mpaka Meyi, ndikukupemphani. Ukangochita maluwa ndidzakuperekezani ndekha kubwalo la ndege."

Lamulungu ndinakwera sitima, kenako basi, kupita ku North York kwa mayi Mbewe. Anali namwino wa ku Zomba, ndipo kamodzi pamwezi ankasonkhanitsa Amalawi ndi a ku Zambia ochepa amene tinalipo kuti tipemphere pa fulati yawo. Anthu atabalalika ndinawapatsa kalata ija. Anavala magalasi, anaiwerenga kawiri.

"Bambo, ine ndine nesi. Mwana akatupa chonchi si zodikira ayi. Mawa lomwe kabukeni tikiti."

"A Dona apempha kuti ndidikire mpaka Meyi."

"A Dona anuwo akufunika dokotala wa maganizo, osati munthu wa m'dimba. Mukadileya mudzalira, ndikukuuzani."

A Jowakimu nawo anati chimodzimodzi. Anati mtengo auyang'anira iwo, azibwera Lamulungu lililonse, chiguduli amasula okha.

Onse anandiuza zoona, ndipo njira inali yotsegula. Sindinapite. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti a Dona ndiwo anandiletsa, koma sanandimange chingwe. Ndinkaopa kubwerera kukakhala mkamwini wopanda ntchito pamudzi wa eni. Ndinkaopa kukaima pamaso pa mwana wa zaka khumi wosandidziwa nkhope. Ndinadziuza kuti ndimathandiza kwambiri ndili kuno kumene kukuchokera mankhwala. Ndipo ndinene zoona, nanenso ndinkafuna kuwaona maluwawo. Ndinali nditagwada pansi pa mtengo uja zaka zinayi. Ndinayankha Enelesi kuti mankhwala ali m'njira, ine ndifika mu Juni.

Telegalamu inafika mu Epulo, m'mawa, ndikumasula chiguduli. A Dona anailandira pakhomo n'kubwera nayo kuseri osatsegula. Amene anatumiza anali alamu anga, achimwene ake a Enelesi. Mawu anali ochepa: Limbani wamwalira Lolemba, taika Lachiwiri. Ndinaipinda n'kuika m'thumba. Ndinamaliza kumasula chiguduli, ndinachipinda bwinobwino, ndinazula zikhomo zonse zinayi n'kukaziika m'galaja, chifukwa sindinadziwe china choti manja achite. Kenako ndinatsikira kuchipinda kwanga.

Masana a Dona anatsika ku besimenti, koyamba chifikire changa. Sanakhale pampando. Anakhala pansi pasimenti atatambalala miyendo, monga anaonera amayi a kumishoni pamaliro a Sala.

"Ndine ndakuletsani," anatero.

Ndikanatha kuwauza kuti ayi. Sindinawauze. M'malo mwake ndinanena chinthu chimene ndinkadziwa kuti chiwapweteka.

"Nkhani ija ya mwana wokwera mumtengo wa pichesi, sanali Sala. Anali Limbani. Zambiri zimene ndakuuzani zinali za Limbani."



"Ndinkadziwa," anatero. "Kumishoni kunalibe mtengo wa pichesi."

Lamulungu mayi Mbewe anabwera ndi anthu anayi, ndi a Jowakimu omwe. Anadzaza m'kachipinda kaja, tinaimba nyimbo zitatu za maliro. A Jowakimu anaimba nawo, ankazidziwa mwa apo ndi apo. Mayi Mbewe sanandikumbutse zimene anandiuza. Pochoka anangondigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

Mtengo unachita maluwa pakati pa Meyi. Ndisaname, unali wokongola. Nthambi za m'munsi, zimene chiguduli chinatchinga, zinayera mbee, moti ukaima pakhonde zinkaoneka ngati wina wayanika nsalu mumthunzi. Za pamwamba chisanu chinali chitawononga, maluwa ake anatuluka opunduka, ena timasamba tiwiri tokha. Anansi amene zaka zonsezo sanandipatsepo moni anabwera pampanda kudzafunsa kuti ndinachita bwanji, poti awo ankangofa. Ndinawauza za mchere, za dzenje losaya, za makina otchetchera. A Dona anauyang'ana ali pawindo la kukhitchini, panja sanatuluke. Patatha masabata awiri kunagwa mvula yamphepo, maluwa onse anayoyokera pakapinga, ine n'kuwasesa.

Juni anafika, sindinapite. Tsopano chimene chinkandigwira chinali manyazi. Ndinalemba makalata atatu, Enelesi sanayankhe ngakhale imodzi. A Dona anasiya kubwera pamasitepe, kenako anasiya kutsika m'chipinda. Masamba atayamba kufiira, achemwali awo anabwera kudzawatenga, ndipo a Dotolo anaika nyumba pamalonda. Anandigulira tikiti osandifunsanso maganizo anga. Ndisanachoke ndinakhoma zikhomo ndi kuzunguliza chiguduli komaliza. Amene anagula nyumbayo anabwera kudzayeza bwalo, ine ndinayesa kumufotokozera za mtengowo. Ankagwedeza mutu, koma maso ake anali pamalo amene ankafuna kukumba dziwe losambiramo. Sindidziwa chimene chinauchitikira.

Kubwalo la ndege anandiperekeza ndi a Jowakimu, pa lole ya kunazale. Titafika ananditsitsira sutikesi.

"Mukachoka inu, Chichewa ndiziyankhula ndi ndani?" anatero.

Ndinawauza kuti apite kwa mayi Mbewe. Anaseka pang'ono, nati kumeneko amawayang'ana ngati kazitape. Tinalonjezana kuti tizilemberana. Kalata yawo inafika imodzi.

Ndinatsika basi pa Lizulu mvula yoyamba itangogwa. Ndinayenda mpaka kumudzi, ndipo nyumba yanga ndinaidutsa osaizindikira chifukwa cha malata ndi khonde latsopano. Mayi wina ndiye anandibweza. Pakhomo panaima kamtsikana konyamula ndowa, kanandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Amayi, kwabwera alendo," kanatero.

Ameneyo anali Esinati. Enelesi anatuluka ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi. Tsitsi lake linali ndi imvi m'mbali. Anayala mphasa, anagwada, anandipatsa moni waulemu wonse monga amachitira kwa mlendo. Amayi a pamudzi anabwera kudzalira nane maliro monga mwa mwambo, analira pang'ono n'kubwerera kuminda. Alamu anga anandigwira chanza osandiyang'ana kumaso. Pamudzipo Enelesi ankadziwika kuti ndi telala, ndipo anthu obwera ndi nsalu ankandilumpha pakhonde ngati mtondo.

Tsiku lachitatu, titapempha kwa eni manda, Enelesi ananditengera kumene anagona Limbani. Alamu, amene anatiperekeza, anatsala kumphepete. Mtumbira unali utatsika kale, udzu utayamba kumera.

"Masabata omaliza ankafuna kuti ndizimugoneka pakhonde, nkhope itayang'ana kunjira," anatero Enelesi. "Akamva basi kumsewu ankadzutsa mutu. Ine ndinkamuuza kuti abambo ako agwidwa ndi ntchito yaikulu kwambiri, imene sangathe munthu wina. Ankanyada nazo. Ankauza anzake."

Anatembenuka, ndipo kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chifikire changa.

"Tsopano ndiuzeni ine. Chinakugwirani n'chiyani?"

Njira yonse ndinali nditakonza mayankho, za chitupa, za malamulo, za tikiti. Pamanda paja onse anandithawa.

"Mtengo," ndinatero.

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira woyamba uja unafa ndi mchere mpaka tsiku limene ndinasesa maluwa. Sindinabise kuti tikiti inalipo. Anamvetsera osandidula.

"Mtengowo umabala zipatso?"

"Timabulosi tofiira. Timadyedwa ndi mbalame zokha."

"Ndi wa mankhwala?"

"Ayi."

"Matabwa?"

"Ndi waung'ono. Ndi wa maluwa basi."

Anawerama n'kuyamba kuzula udzu pamtumbira, umodziumodzi, akuuponya kumbali. Ndinafuna kumuthandiza koma sindinayerekeze.

"Ine ndinkaganiza kuti mwapeza mkazi wina," anatero. "Zimenezo ndinali nditakukhululukirani kale." Anaimirira, nasansa dothi m'manja. "Izi ndiye sindidziwa kuti ndiyambire pati."

Anatsogola kubwerera kumudzi, ine pambuyo. Tinakhala limodzi m'nyumba ija zaka zambiri mpaka pamene anamwalira. Ankandiphikira, ankandisokera malaya, ndikadwala ankandidwazika. Za ku Canada sanandifunsenso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anapeza poyambira.